Lona ya Buluu ndi Ng'ombe za Kutsidya

Dalitso mwana wanga, unandiimbila foni kufunsa kuti ugule lona yotani ya ulendo wanu wokwela mapili ndi anzako a ku Lusaka. Ndinakuyankha mwachidule: ikhale yopepuka, yokwana anthu awili ndi katundu wawo, yokhala ndi tizibowo ta chitsulo m'mbali momangila zingwe, ndipo uyambe waikunga pabwalo la nyumba usanapite nayo kuthengo. Unaseka, unati ndayankha ngati munthu wa m'sitolo. Foni itaduka sindinakhazikike. Ndinazungulila nyumba, ndinakaona khola limene ndinali nditaliona kale, ndinachotsa mpando pakhonde kupita nawo pansi pa mango, ndinaubwezanso. Amayi ako anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Awisi Dalitso, ngati muli ndi nkhani khalani pansi muilembe. Mukubalalitsa nkhuku."

Ndiye chigawo ichi cha mbili yanga ndikulembela iwe ndi alongo ako. Mumadziwa kuti ndinagwila nchito ya ziweto mpaka kupuma. Chimene simudziwa ndi chifukwa chake tinachoka ku Kacholola mwadzidzidzi, pakati pa chaka cha sukulu, iwe uli wamng'ono.

Nyampande, ndili mnyamata

Nditamaliza maphunzilo a za ziweto ananditumiza ku Nyampande monga wothandiza dokotala wa ng'ombe. Anandipatsa njinga, nyumba ya zipinda ziwili yodontha pakona, ndi bokosi la majekeseni. Malo aja ndi a madimba. Anthu ankadzuka kupita kukathilila ndiwo, ng'ombe zili m'makola pafupi ndi mudzi, ndipo kulikonse kumene ankandiitana ndinkafika pa njinga ndi kubwelela kunyumba dzuwa lisanalowe. Kugona kuthengo kunkachitika nthawi ya katemela chabe, pamene akuluakulu ankabwela kuchokela ku boma ku Petauke.

Bwana wanga woyamba anali a Mumba, munthu wamtali wosafulumila pa chilichonse. Ankabwela ndi motoka ya boma, kumbuyo kwake muli tenti. Tenti imeneyo muyenela kuidziwa. Inali ya chinsalu chobiliwila chokhuthala, ya mizati yachitsulo, ndipo poitsitsa pankafunika amuna angapo ndi kubuula. Ikaima inali nyumba ndithu. M'kati munkalowa bedi lopinda, tebulo, ndi mpando wa a Mumba. Iwo ankakonda kunena kuti wa boma sagona ngati mlenje. Madzulo ankakhala pakhomo pa tenti ndi kapu ya tiyi, alimi akubwela mmodzimmodzi kudzafotokoza za ng'ombe zawo, ndipo ndinaona kuti tentiyo inali ndi nchito yake: munthu akaiona patali ankadziwa kuti boma lafika.

A Mumba anandiphunzitsa zambili. Anandiphunzitsa kuyang'ana ng'ombe ili patali ndisanaigwile, ndi kusanamiza mlimi pa ng'ombe imene ifa. Chimene analephela kundiphunzitsa ndi kukhala pansi. Iwo akumwa tiyi, ine ndinali nditapita kale kukaona khola lotsatila, kubwela, kupukuta majekeseni oyela kale, kufunsa ngati tinyamuke.

"Daka," anandifunsa tsiku lina, "kodi iwe unabadwa uli chiimilile?"

"Nchito ndi yambili, bwana."

"Nchito ndi yambili kwa tonse. Iwe uli ndi vuto lina. Adzakutumiza kumene kulibe mseu, ukakondwela."

Ku Nyampande komweko ndinakumana ndi amayi anu, Esnati. Ankagulitsa lepu ndi tomato wa kudimba la amayi awo, ndipo anali ndi makina osokela opukusa ndi dzanja. Anakwatiwa nane akudziwa bwino kuti sindikhala panyumba. Mau a a Mumba anakwanilitsidwa patapita zaka zingapo.

Kacholola, nkhondo ya ku Mozambique itatha

Kacholola ili pa mseu waukulu, koma nchito yanga sinali pamseu. Inali kuseli kwa mapili, kumidzi yakutali kumene ntchentche za kashembe zimaluma ng'ombe n'kuzipatsa kaodzela. M'chilimwe motoka ikanatha kuyesa njila zina. M'dzinja ngakhale njinga inkakwela munthu pamapewa. Ndipo motoka ya dela lathu inali itakhala pamiyala kuseli kwa ofesi ku Nyimba, mawilo atachotsedwa, nkhuku zikuikila pansi pake. Mafuta kunalibe, anthu onyamula katundu kunalibe. Mankhwala ankabwela mwa apo ndi apo.

Bwana wanga kumeneko anali amai Sakala, mzimayi wolankhula pang'ono amene ankadziwa dzina la mudzi uliwonse ngakhale kuti mawondo awo sankawalola kuyenda. Tsiku loyamba anandionetsa chipinda chosungila katundu, ndipo pakona panali tenti yofanana ndendende ndi ya a Mumba.

"Ndi yanu," anatelo. "Ngati mungainyamule."

Anandilola kulemba munthu mmodzi wa ganyu wogwila ng'ombe ndi kuthandiza katundu. Umu ndi mmene ndinadziwila a Joakimu. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, wamfupi, wa mapewa otambalala. Anachokela ku Mozambique nthawi ya nkhondo, anakhala kumalo a othawa nkhondo, ndipo anzawo atabwelela kwawo iwo anatsala. Anakwatila mkazi wa Chinsenga pafupi ndi Kacholola, ankalima chimanga ndi mtedza, anali ndi ming'oma ya njuchi m'mphepete mwa phili. Kutchalitchi ankaimba mau apansi. Ng'ombe yolusa ankaigwila mphuno mofatsa ikangoima. Za kwawo sankanena, inenso sindinkafunsa.

Vuto lathu linali pogona. Mwina mufunsa kuti bwanji osagona m'midzi. Tinkagona, tikafika. Koma pakati pa mseu ndi midzi ya kuseli panali mapili opanda nyumba, ulendo woti munthu agone panjila, ndipo mvula ya kumeneko siichenjeza. Ndiye ndinayamba kusakasaka denga lonyamula kumsana, ndipo kusakasaka kumeneko kunandidya mutu kwa nthawi yaitali.

Tinayamba ndi tenti ya boma. Tinasiya mizati, tinatenga chinsalu chokha, tikumati tidula mitengo kuthengo. Chouma chinali cholemela koma chotheka. Chitanyowa chinakhala ngati tanyamula thole lakufa, ndipo tinafika kumudzi misana itatupa, manja akunjenjemela moti jekeseni sinkaloza bwino. Kenako dalaivala wina wa lole anandipatsa chidutswa cha lona yophimbila katundu. Madzi sinkalowetsa ngakhale dontho, koma inali youma ngati chikopa, yosapindika, ndipo inanunkhitsa dizilo ufa wathu wonse. Pulasitiki yakuda yopyapyala inali yopepuka ngati pepala, koma mphepo yoyamba inaing'amba pakati, tinatsala tagwila zingwe. Amayi anu anayesanso. Anatenga matumba a feteleza, anawachapa, anawasoka pamodzi pa makina awo aja. Pa mvula yowaza ankagwila nchito. Pa mvula yeniyeni madzi ankasefa ngati ufa pa sefa.

A Joakimu sankadandaula pa zonsezi. Chilichonse chimene ndabweletsa ankachitembenuza, n'kunena kuti, "Tiyese, a Daka." Ine ndiye ndinali wosakhazikika. Ndikapita ku Nyimba kukatenga mankhwala ndinkazungulila msika wonse kugwilagwila nsalu ndi mapulasitiki. Ndinkaima pamseu kuyang'ana zophimba za malole odutsa. Amayi anu ankati ndikulankhula za lona ngakhale pakudya.

Tsiku lina ndinaipeza. Munthu wina pamsika ku Nyimba anali ataiyala pansi, waikapo nsapato zakale zogulitsa. Inali ya buluu, yolukana ngati mphasa koma yosalala, ya tizibowo ta chitsulo m'mbali monse. Ndinaikweza ndi dzanja limodzi. Ndinaikoka, sinang'ambike. Mwini wake anati ndi imodzi mwa malona amene ankagawila othawa nkhondo, ndipo ambili anatsala m'manja mwa anthu malo aja atatsekedwa. Ndinamuchondelela mpaka anachotsa nsapato zake. Ndinkadziwa kuti mtundu wa buluu umakoka kashembe, koma ndinati tizidzaikunga dzuwa litapendeka, ntchentchezo zitaleka kuuluka. Ndinafika nayo kunyumba ngati ndapha nyama. Ndinaikunga pabwalo, ndinathilapo ndowa ya madzi, pansi panali pouma. A Joakimu tsiku limenelo anali ku ming'oma yawo. Sanaione.

Mwezi wa Janyuwale, chaka changa chachitatu ku Kacholola

Mvula ili pakati kunabwela mlimi wina wachikulile, a Njobvu, wochokela kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje wa mchenga kuseli kwa mapili. Anayenda okha ulendo wonsewo, miyendo itatupa. Anati ng'ombe za kwawo zikuonda, ubweya waima, maso akutuluka misozi, zina zikugona osadzukanso. Iwo anali ndi ng'ombe ziwili zapagoli, ndipo zonse zinali zitayamba.

"Ndi kaodzela," ndinawauza. "Mankhwala ake alipo. Zikabaidwa msanga zimachila."

"Mubwela?"

"Ndibwela, bambo. Pitani mukauze anthu asonkhanitse ng'ombe."

Anabwelela tsiku lomwelo. Ine ndinakwela basi kupita ku Nyimba, ndipo amai Sakala anatsegula kabati n'kundipatsa mankhwala onse amene analimo.

"Awa ndi otsiliza," anatelo. "Sindidziwa ena abwela liti. Ndipo mtsinje uja ukadzala sudzaphwa msanga. Mukaoloke usanadzale."

Tinanyamuka ndi a Joakimu m'mawa. Katundu anali wopepuka kuposa masiku onse, ndipo ndinkayenda patsogolo, kuima, kuwadikila, kuthamangilanso. Madzulo mitambo itasonkhana tinasankha malo okwela pakati pa mitengo iwili. Ndinamanga chingwe, ndinatulutsa lona m'chola, ndinaitambasula monyadila.

"Onani, a Joakimu. Mavuto athu atha."

Anali ataima ndi mtolo wa nkhuni m'manja, akuyang'ana lonayo. Anaika nkhuni pansi pang'onopang'ono, anakoleza moto chapatali, anaphika. Mvula itayamba kudontha ndinawaitana kuti alowe.

"Ine ndigona kunja, a Daka."

"Kunja kuti? Mvula iyi?"

"Ndazolowela."

Ndinaganiza kuti akuchita ulemu, ndinawauza kuti malo ndi okwana. Anakana. Anatenga thumba lopanda kanthu, anadziphimba kumutu, anakhala tsonga patsinde pa mtengo wa msuku. Kutacha ndinawapeza pomwepo, zovala zitamatilila thupi, milomo itatuwa. Ndinakwiya. Ndinawafunsa ngati ndawalakwila, ngati pali mwambo wina umene sindiudziwa, ngati ndikununkha. Anangoti, "Palibe. Tiyeni, mtsinje sudikila."

Tsiku limenelo anayenda mochedwa. Ankatsokomola, ankaima kugwila nthiti. Ine m'malo mowamvela chisoni ndinkayang'ana kumwamba ndi kuwafulumizitsa. Madzulo zinachitikanso chimodzimodzi. Ndinakunga lona, iwo anatenga thumba lawo. Ndinawauza kuti ngati ndi ine amene sakufuna kugona naye pafupi, alowe okha ine ndikhale kunja. Anapukusa mutu. Mvula inagwa yambili kuposa ya dzulo lake.

M'mawa mwake sanathe kuimilila. Thupi linali moto, mpweya ukutuluka mwa phuma, akamatsokomola akupinda thupi lonse. Tinali pamwamba pa chitunda chotsiliza. Kuchokela pamenepo mtsinje unkaoneka pansi, madzi ofiila atayamba kuphimba mchenga, ndipo kutsidya utsi wa mudzi wa a Njobvu unkakwela. Kumpoto, kumene mtsinje umachokela, kumwamba kunali bii.

Ndinagwada pafupi nawo. "A Joakimu, mwadzipha nokha. Chifukwa chiyani? Ndiuzeni chabe chifukwa chake."

Anayang'ana lona imene inali ikali yokunga, madzi akudontha m'mbali mwake. Kenako analankhula motsitsa, akupumila pakati.

"Pamene tinaoloka malile inali nthawi ngati ino. Mkazi wanga woyamba anatsala m'njila, sanafike. Ndinafika ndi kamwana kakakazi kumsana. Anatipatsa lona ngati iyi, banja lililonse imodzi. Mwana anayamba kutsegula m'mimba. Mvula inkagunda pa lona, iye akulila. Mvula ikugunda, iye akulila. Kenako ndinangomva mvula yokha."

Anatsokomola, anapukuta pakamwa.

"Kunalibe mphasa, kunalibe nsalu yomukulungila pomuika. Ndinadula lona yomweyo. Ndiye phokoso lija, a Daka, mvula ikamagunda pamenepo, sindingathe. Ndinayesa kudziuza kuti ndilowe. Miyendo inakana."

Ndinaimilila, ndinamasula zingwe, ndinapinda lonayo kuti isaonekenso. Iwo anati, "Manje pitani. Mtsinje ukali woolokeka. Ndisiyileni madzi, mukandipeza pobwela."

Ana anga, apa ndi pamene panali povuta, ndipo ndikufuna mumvetse mmene zinalili. Ndikanaoloka ndekha, mtsinje ukanadzala kumbuyo kwanga, ndipo a Joakimu akanatsala okha paphili ndi chibayo, popanda munthu. Ndikanawakoka kuoloka nawo, tikanatsekeledwa kumudzi kopanda chipatala, komwe mankhwala okha anali a ng'ombe. Kubwelela kumseu kunali kusiya mudzi wonse umene unali utasonkhanitsa ng'ombe chifukwa cha mau anga. Ndipo ng'ombe kumeneko si nyama chabe. Ndi pulawo, ndi ngolo, ndi sukulu ya ana.

Ndinanyamula bokosi la mankhwala, ndinatsika chitunda kulowela kumtsinje. Ndinayenda pang'ono, ndinaima, ndinabwelela. Ndinawayang'ana, ndinatsikanso, ndinafika patali kuposa poyamba, mpaka kumva mkokomo wa madzi. Ndinadziuza kuti ndikhoza kuthamanga, kubaya ng'ombe mwachangu, kubwela dzuwa lisanalowe. Koma ndinkadziwa nchito yanga. Ng'ombe za mudzi wonse sizibaidwa mothamanga, ndipo mitambo ija sinali yoti idikile. Ndinaima pakati pa njila, bokosi lili paphewa, thukuta likutsika ngakhale kunali kozizila. Kumwamba kwa chitunda ndinamva chifuwa chawo, chouma, chosatha. Ndinatembenuka.

"Mwaiwala chiyani?" anandifunsa.

"Dzukani. Tikupita kuchipatala."

"Nanga ng'ombe za anthu?"

"Gwilani phewa langa."

Mapoto ndi lona ndinazipachika pa mtengo, sindinakazitengenso. Ndinatenga mankhwala ndi madzi basi. Ulendo wobwelela sindiukumbuka bwino, unali wautali. Pena ankayenda atandikolowekela dzanja m'khosi, pena ndinkawabeleka, pena tinkangokhala pansi. Pogona ndinadula nthambi ndi udzu, ndinamanga kamsasa kodontha, ndipo m'menemo analowa osakana. Titafika pamseu waukulu dalaivala wa lole ya chimanga anaima, anatikweza mpaka ku Nyimba. Kuchipatala anati ndi chibayo pamodzi ndi malungo. Namwino anandiyang'ana n'kunena kuti tikanachedwa pang'ono tikanabwela ndi nkhani ina.

Sindinadikile kuti achile. Nditadziwitsa mkazi wawo ndinanyamukanso ndekha, pafupifupi kuthamanga. Ndinaupeza mtsinje utadzala mpaka m'mitengo ya m'mbali, ukunyamula zipika. Ndinaima m'mphepete, ndinakuwa. Patapita nthawi kutsidya kunatulukila munthu. Anali a Njobvu. Ndinakweza bokosi la mankhwala m'mwamba kuti alione. Iwo ananena chinachake, ine ndinanena chinachake, madzi anameza zonse. Tinayang'anana choncho. Kenako anatembenuka, anakwela kubwelela kumudzi. Ndinayenda kumtunda ndi kumunsi kufuna pooloka, sindinapapeze.

Madzi ataphwa

Ndinaoloka patapita masabata. Zina mwa ng'ombe ndinazipulumutsa, koma makola ambili anali ndi zikopa zoyanika pamwamba. A Njobvu ndinawapeza kumunda ndi khasu, udzu utawapitilila chimanga. Goli linali litatsamila pa nkhokwe. Ng'ombe zawo zonse ziwili zinali zitafa.

"Munati mubwela," anatelo, osaleka kulima.

Ndinawafotokozela zonse, kupatula nkhani ya mwana, imene sinali yanga kuinena. Anamvetsela atatsamila khasu.

"Munthu wanuyo ali moyo?"

"Ali moyo, bambo."

"Chabwino." Anayambanso kulima. "Tinasonkhanitsa ng'ombe monga munanenela. Tinadikila pansi pa mtengo uja mpaka madzulo. Mailo lake kutacha tinasonkhanitsanso."

Sananditukwane. Akananditukwana mwina zikanandipepukila. Akazi awo anadutsa ndi mtsuko osandipatsa moni. Pambuyo pake ndinamva kuti chaka chimenecho banja lija linakolola zochepa, ndipo mwana wawo wamkazi amene anali ku sekondale anabwelela kumudzi.

Anthu a kumeneko anatumiza akuluakulu awo ku Nyimba kukadandaula. Amai Sakala anandiitana, anatseka chitseko.

"A Daka, monga munthu ndikumvetsani. Ndikanakhala ine paphili paja sindidziwa ndikanatani. Koma anthu aja safuna kukuonaninso, ndipo munthu wa ziweto amene alimi samukhulupilila sangagwile nchito. Ku Kaumbwe kukufunika munthu. Ndapempha kuti akhale inu."

"Ndi chilango, amai?"

"Ayi. Koma dzina lanu linali pa okwezedwa chaka chino. Lachotsedwa, ndipo sindinathe kuliteteza."

Amayi anu atamva sanafunse zambili. Anangofunsa kuti, "A Joakimu akudya?" Nditati akudya, anayamba kumanga mbale m'zitenje. Umu ndi mmene tinachokela ku Kacholola. Mpaka lelo nkhani ija siinandithele. Pali masiku amene ndimaona kuti ndinachita bwino, ndipo pali masiku amene ndimaona a Njobvu ataima kutsidya. Ndikatelo ndimadzuka pampando.

Kaumbwe, dzinja lotsatila

Ku Kaumbwe nchito inali yofanana ndi ya ku Nyampande, minda ndi makola, koma kunali madela ena ofunika kugona panjila. Ndinabwelela ku matumba a feteleza a amayi anu. Mtima wosakasaka lona unali utandichoka. Ndinkangoyenda, kwambili kuposa mmene nchito inkafunila, ndipo ndinkafika kunyumba wotopa koma wosafuna kukhala.

Tsiku lina masana, mvula yoyamba itagwa kale, ndinabwela kuchokela ku khola lina n'kupeza munthu atakhala pakhonde ndi amayi anu. Anali a Joakimu. Anali ataonda, koma mapewa anali omwe aja. Anakwela mabasi awili ndi kuyenda pansi kuti atipeze. Titapatsana moni, titafunsana za kunyumba, anakoka mtolo umene unali pamapazi awo.

"Ndakubweletselani ichi."

Inali nsalu ya thonje yolimba, ya mtundu wa dothi, yosokedwa bwino m'mphepete, ya timalupu ta nsalu m'makona momangila zingwe. Inali yolimbalimba m'manja ndipo inkanunkhila uchi. Anati telala wa ku Nyimba ndiye anasoka, ndipo iwo ndi akazi awo anasungunula phula la ming'oma yawo yonse ya chaka chimenecho, analipaka pansaluyo, anaiyanika padzuwa, anapakanso, mpaka madzi anayamba kutsetseleka. Ndinaikweza. Inali yolemelako kuposa ya buluu ija, koma munthu mmodzi akanainyamula tsiku lonse.

"Nyelele ziziikonda," anatelo. "Muziipachika."

Nsalu imeneyo ndinayenda nayo zaka zonse zotsala za nchito yanga, ndikumaipaka phula chaka ndi chaka, mpaka inatha yokha m'mapindo. Koma tsiku limenelo ndinati sanayenele kudzivutitsa. Iwo anati ndinataya malo chifukwa cha iwo. Ndinati si choncho. Tinakangana pang'ono mwaulemu, mpaka amayi anu anati, "Mvula ikubwela iyo. M'malo molimbana, kaiyeseni."

Tinatuluka pabwalo. Tinamanga chingwe pakati pa mtengo wa mango ndi mzati wa nkhokwe, tinaponya nsalu pamwamba, tinakhoma zikhomo. Madontho oyamba atagwa ndinalowa pansi pake ndi kukhala pa njelwa. A Joakimu anaima kunja kanthawi, dzanja lili pa chingwe. Kenako anawelama, analowa, anakhala pambali panga. Inu ana munali pakhonde ndi amayi anu, mukuseka amuna awili akuluakulu okhala pansi pa nsalu nyumba ili pomwepo.

Mvula inakula. Pansalu ya phula siinkagunda, inkangomveka ngati munthu akusesa patali. A Joakimu anakhala atagwila mawondo, mutu utapendekela kumwamba, akumvetsela. Tinakhala choncho, madzi akuyenda m'tingalande kuzungulila mapazi athu. Kwa nthawi yoyamba m'chaka chonsecho sindinafune kupita kulikonse.

"Dzina lake anali Luwiza," anatelo. "Anali atangoyamba kuyenda."

Ndinatambasula dzanja, ndinakoka chingwe cha mbali yawo kuti madzi asawadonthele paphewa.